Lilime Lokha Silingaweruze Mowa

Mowa wa masese umaweruzidwa tsiku ndi tsiku kuno kwathu, ngakhale palibe amene amagwira cholembera. Munthu akafika pakhomo pamene afulula mowa wogulitsa, kaya ndi ku Zóbuè, ku Kambulatsitsi kapena m'mabairo a Moatize, satulutsa msanga ndalama. Amayamba wapempha kulawa. Mayi wofulula amatunga pang'ono m'chipanda, mlendo amamwa, n'kukhala kaye chete. Akafunsa pokhala, ndiye kuti mowa wapambana. Akanena kuti "ndingofika apa, ndikubwera", onse amadziwa kuti wapita kukalawa kwa mayi wina.

Masiku ano pali ena amene akufuna kuti kuweruza kumeneku kuzichitika poyera, pa tsiku la chikondwerero kapena pa chionetsero cha zaulimi: amayi abwere ndi mitsuko yawo, pakhale oweruza, wopambana alandire mphoto. Ganizoli ndi labwino. Kufulula ndi ntchito ya sabata yathunthu, ndipo amayi ambiri aphunzitsa ana ndi ndalama za mowa popanda wowayamika. Koma mpikisano umaphunzitsa anthu. Chimene oweruza achipatsa mphoto chaka chino n'chimene ofulula onse adzayesa kuchita chaka chamawa. N'chifukwa chake nkhani ya muyeso si yaing'ono. Pakali pano pali miyeso iwiri yoti tisankhepo, wa pabwalo la mowa ndi wa papepala lochokera kunja, ndipo yonse iwiri ili ndi pobowoka.

Muyeso wa pabwalo

Funsani abambo amene akhala pansi pa mtengo wa mango kuti mowa wabwino ndi wotani. Ambiri adzati ndi umene umagwira, woti zipanda ziwiri zokha munthu wayamba kuyimba. Wogula ali ndi ufulu woganiza choncho, pakuti metikali kapena kwacha ndi yake. Woweruza alibe ufulu umenewo.

Taonani zimene zimachitika ukali ukakhala muyeso. Masese enieni amayambira pa chimera. Mayi amaviika mawere, mapira kapena chimanga, n'kuzifunditsa kuti zimere, n'kuziyanika padzuwa mpaka ziume gwa, kenako n'kukagayitsa. Amaphika phala, amalisiya kuti lisase, amaliphikanso, n'kudikira kuti lipole asanathire chimera. Akathira phala likadali lamoto, chimera chimafa ndipo mowa suwira bwino. Ntchito ya chimera ndi kusandutsa ufa kukhala shuga. Tizilombo tosaoneka ta mtundu wa isiti timadya shugayo n'kutulutsa ukali wa mowa, pamene tizilombo tina, tachibale ndi timene timasandutsa mkaka kukhala chambiko, timabweretsa kakuwawasa kamene kamasiyanitsa masese ndi phala wamba. Zonsezi zimatenga pafupifupi sabata, ndipo mowa wake kawirikawiri suposa wa m'botolo pa ukali.

Wofuna kupambana pa ukali sangavutike ndi zonsezi. Amagula shuga ndi isiti pa baraka, amasakaniza ndi gaga, ndipo pakatha masiku ochepa ali ndi kabanga yogwetsa mwamuna. Kabanga ili ndi malo ake ndi anthu ake. Koma mukaiyika pa mphasa imodzi ndi masese, n'kunena kuti wopambana ndi waukali, ndiye kuti mwauza amayi onse kuti chimera n'chotayitsa nthawi. Pakadzatha zaka zochepa, mtsikana wodziwa kumeretsa mawere tidzamufuna ndi nyali.

Vuto lina la pabwalo ndi ubale. Aliyense amadziwa mwini mtsuko. Ndani angaimirire pagulu n'kunena kuti mowa wa apongozi ake ndi wamadzi? Ndani angamane mapointi akazi awo a mfumu, kapena mlongo wawo wa a sekeretale a bairo, pamene mawa lake akufuna kalata kwa iwo omwewo? Komanso woweruza wa pabwalo amamwa chipanda chodzaza pa mtsuko uliwonse, poopa kukhumudwitsa mwini wake. Pofika pa mtsuko wachisanu lilime lafa kale. Mtsuko womaliza umakoma chifukwa cha inayi imene yatsogola.

Pepala la ku America

Kumayiko ena anthu anakumana kale ndi mavuto ngati amenewa. Ku United States kufulula mowa pakhomo kunali koletsedwa mpaka mu 1978, pamene Pulezidenti Jimmy Carter anasayina lamulo lololeza. Mipikisano itachuluka, mu 1985 kunayambika bungwe lotchedwa Beer Judge Certification Program, mwachidule BJCP, limene limalembetsa oweruza mayeso ndi kuwapatsa pepala loweruzira. Pepalalo lili ndi mapointi 50. Fungo limatenga 12, maonekedwe 3, kakomedwe 20, mmene mowa umamvekera m'kamwa 5, ndipo 10 otsalawo ndi a mmene woweruza waonera mowa wonse.

Pali zinthu zimene anthu amenewa anazikonza bwino, ndipo sitichita manyazi kuzitenga. Botolo limafika pa tebulo lili ndi nambala yokha, moti woweruza sadziwa ngati akulawa mowa wa mnzake kapena wa mdani wake. Amamwa pang'ono chabe. Aliyense amalemba yekha asanakambirane ndi anzake, kuti wamawu akulu asakoke enawo. Ndipo nambala yokha sikwanira: woweruza ayenera kulemba chifukwa chake, pepalalo n'kubwezedwa kwa wofulula kuti aone pamene analakwa. Wogonja amabwerera kwawo ataphunzirapo kanthu.

Chinanso chabwino n'chakuti mowa uliwonse umaweruzidwa pamodzi ndi anzake a mtundu umodzi. Mowa woyera ngati 2M kapena Manica ukakhala wa mbuu kapena wowawasa, ndiye kuti walakwika. Koma mowa wa tirigu wa ku Germany umayenera kukhala wa mbuu, ndipo lambic wa ku Belgium umayenera kuwawasa. Amene anganyoze masese chifukwa suona pansi pa kapu, ngakhale pepala la azungu lomwelo sanalimvetse.

Komabe pepalali silinalembedwere ife. M'buku la BJCP la 2021, mowa wa mapira ndi wa mawere unayikidwa m'gulu la mbewu zapadera, zimene kwa iwo si zozolowereka. Chimene kwa ife ndi chiyambi cha mowa, kwa iwo ndi chongoyeserera.

Kuwonjezera apo, pepalali limaweruza mowa umene unatha kuwira, wotsekeredwa m'botolo, umene lero ndi mawa kakomedwe kake n'kamodzimodzi. Masese ndi amoyo. Ngakhale Chibuku cha m'katoni, chimene ambiri a ife timachidziwa tsidya lija la Mwanza, chimakhala chikuwirabe pofika kwa wogula. Mtsuko umodzi womwewo umatsekemera ngati thobwa usanapse, umafika pake tsiku lina, kenako umasasa ngati viniga. Nyengo imasinthanso zinthu. Ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene ku Zóbuè, pamwamba pa mapiri, kumakhala kozizirirapo. Amayi awiri atathira chimera tsiku limodzi, mowa wa ku Moatize udzapsa msanga, wa ku Zóbuè ukadali m'mbuyo. Ndiye wina anyamule chigubu chake pa shapa, makilomita pafupifupi 100 a msewu wa N7, chikugwedezeka padzuwa. Woweruza wosaganizira zimenezi amapereka mphoto kwa nyengo ndi kwa msewu, akuyesa kuti wapereka kwa mayi.

Koma pobowoka penipeni ndi apa. Mapointi onse 50 ndi a mphuno, maso ndi pakamwa. Palibe ngakhale imodzi imene imafunsa kumene ufa unachokera. Kwa iwo funsolo n'losafunika, chifukwa chimera chawo amagula m'sitolo, m'matumba osindikiza. Kwathu kuno funsolo ndi la moyo ndi imfa, ndipo tinaliphunzira m'chigawo chathu chomwe chino.

Zimene Chitima inatiphunzitsa

Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu ochokera kumaliro anamwa pombe. Anadwala anthu oposa 230, ndipo 75 anamwalira. Boma linalamula masiku atatu okhuza maliro m'dziko lonse. Mphekesera inathamanga kuposa ambulansi: wina wathira ndulu ya ng'ona. Nkhani ya ndulu ya ng'ona tonse tinakula tikuimva, moti ambiri anakhulupirira nthawi yomweyo, ndipo manyuzipepala a kunja anailemba ngati yoona. Chonsecho m'zaka za m'ma 1980 katswiri wa mankhwala wa pa University of Zimbabwe, Norman Nyazema, anali atayeza kale nduluyo ndipo sanapeze kuti imapha.

Yankho lenileni linabwera mu Novembala 2015, pamene a Instituto Nacional de Saúde analengeza zotsatira za kupima, kumene mbali ina kunachitikira ku United States. Mu ufa wa chimanga umene anafululira munali kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Ufawo unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuwonongeka. Anthu anaona kuti sungaphikidwe nsima, koma anaganiza kuti ku mowa ungathe. Poizoniyu anadziwika koyamba ku Java m'dziko la Indonesia, kumene anapha anthu ambiri kudzera m'chakudya chowiritsa cha kokonati mpaka boma linachiletsa mu 1988. Mu Africa anapezeka koyamba ku Chitima.

Zinthu ziwiri za poizoni ameneyu aliyense wofuna kuweruza mowa azisunge pamtima. Choyamba, alibe fungo, alibenso kakomedwe. Chachiwiri, safa ndi moto. Phala liwire mpaka nkhuni zithe, iye amakhalamobe. Pombe wa ku Chitima akanafika pa tebulo la oweruza a BJCP, akanatha kulandira mapointi abwino. Akanafika pansi pa mtengo wa mango, abambo akanamuyamika. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Makolo athu anatisiyira mwambo woti mwini mowa ayambe ndiye kumwa pamaso pa alendo, kusonyeza kuti mulibe choipa. Ndi mwambo wanzeru, koma umateteza kwa munthu wa mtima woipa yekha. Ku Chitima mayi amene anafulula anali mmodzi wa omwalira. Analibe chobisa, ndipo sanadziwe chimene chinali m'diramu lake. Poizoni wotere sagwetsa munthu pomwepo. Pofika nthawi imene mwini mowa ayambe kumva m'mimba, mudzi wonse wamwa kale.

Tisanamizane kuti maganizo a ufa uja anali a ku Chitima kokha. M'makomo ambiri, tsidya lino ndi tsidya lija, chimanga chabwino chimapita ku nsima, chofumbwa ndi chowola n'kuikidwa padera kuti ndi cha mowa. Timati moto upha zonse. Ofufuza a ku Malawi anapima chimera ndi mowa wa masese wa m'midzi ndipo anapezamo aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku. Ameneyu nthawi zambiri sapha tsiku limodzi. Amadya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo munthu akadzamwalira patapita zaka, palibe amene amakumbukira chimanga chija.

Oweruza a magulu awiri

Apa pali mfundo yovuta. Pepala la ku America limabisa wofulula kuti chiweruzo chikhale cholungama. Mwambo wathu umamuonetsa poyera kuti omwa akhale ndi mtendere. Tikabisa mayi, sitingafunse za ufa wake. Tikamuonetsa, ubale ulowerera. Njira yotulukira ndi kugawa ntchito pawiri.

Gulu loyamba likhale la oyendera. M'menemo mukhale amayi achikulire amene afulula kwa zaka zambiri, pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi. Iwowa amadziwa mwini mtsuko uliwonse, chifukwa amafika pakhomo pake tsiku loyamba, moto usanayatsidwe. Atape chimanga m'manja, anunkhize ufa, aone ngati uli ndi mibulu ya chinyontho. Aone ngati chimera chinauma bwino ndiponso kumene anachiyanika, pakuti m'mabairo oyandikana ndi migodi fumbi la malasha limagwera pa chilichonse chimene chili pabwalo. Afunse kumene madzi anatungidwa, kaya ndi pa mjigo kapena mu Revúbuè. Afunsenso mbiri ya diramu: loti munali mafuta a galimoto kapena mankhwala si lofululira mowa, ngakhale litsukidwe kakhumi. Oyendera sapereka mapointi. Amangonena kuti uwu ulowe, uwu usalowe. Ndipo lamulo lawo lalikulu likhale limodzi, losavuta kulikumbukira: ufa wosayenera nsima ndi wosayeneranso mowa.

Maso sangaone kachilombo, n'zoona. Koma ku Chitima sipanafunike makina kuti anthu adziwe kuti ufa wawonongeka. Anadziwa. Chimene chinasowa ndi munthu wonena kuti ufa umenewu utayidwe.

Gulu lachiwiri likhale la olawa, ndipo iwowa asadziwe mwini mowa. Mowa uziwafika m'zipanda zofanana, chilichonse ndi nambala yake, ndipo ndandanda ya mayina isungidwe ndi munthu mmodzi amene salawa nawo. Alawe m'mawa, atadya, pang'onopang'ono, akuchukucha m'kamwa ndi madzi. Pakati pawo pakhalenso amayi. Nzodabwitsa kuti ofulula ndi amayi, koma ikafika nthawi yonena kuti wabwino ndi uti, mipando yonse imakhala ya abambo. Womwa amadziwa kuti mowa sunakome. Wofulula amadziwanso chifukwa chake: phala linapserera pansi pa diramu, chimera chinachepa, kusefa kunali kwa changu.

Mitundu isasakanizidwe. Masese a chimanga apikisane okhaokha, a mapira ndi a mawere okhaokha, kabanga payokha. Thobwa likhale ndi gulu lake, kuti amayi amene chipembedzo chawo sichilola mowa asatsale kunja, pakuti luso la chimera ndi limodzimodzi. Kachasu ndi nipa ya masau asalowe. Mowa wotcheza uli ndi zoopsa zake, makamaka mutu woyamba kudontha, ndipo mpikisano wake umathera pa kufunafuna waukali.

Pa nkhani ya tsiku, oweruza alengeze msanga tsiku lolawa, mayi aliyense awerengere yekha m'mbuyo monga mwa nyengo ya kwawo. Kudziwa tsiku loyamba kuti mowa udzapse pa tsiku la mwambo ndi mbali ya luso, ndipo amayi athu akhala akuchita zimenezi pa ukwati, pa chiliza ndi pa dima kuyambira kale. Koma mpikisano uzichitikira pafupi, mudzi ndi midzi yoyandikana nayo. Kuitana mtsuko wa ku Zóbuè kuti ukaweruzidwe ku Moatize ndi kuupha panjira.

Nanga olawa ayang'ane chiyani? Mawu tili nawo kale, sitifunika kubwereka. Fungo la chimera limveke, popanda fungo la chuku kapena la kupserera. Kuwawasa kukhalepo, koma kwa chambiko osati kwa viniga. Mowa ukhale wolemera pakamwa, wakuti munthu wochoka kumunda aumve ngati chakudya, koma usakhale phala lofuna supuni. Ukhale wosefedwa bwino, wosasiya makoko pa lilime. Thovu lake lisonyeze kuti ukadali ndi moyo. Ukali ukhale pomalizira, ndipo funso lake likhale lakuti kodi wafika pa muyeso wa masese, osati kuti waposa anzake. Pomaliza, mayi aliyense auzidwe zimene olawa apeza, m'chinenero chake, payekha ndiponso mwaulemu. Amene sanapambane ndiye amene akufunika kwambiri mawu amenewa.

Ena adzati zimenezi zachuluka, mowa ndi wosangalalira basi. Koma taganizirani mphamvu ya mphoto. Mayi akangotchedwa katswiri wa mowa pamaso pa a mfumu ndi anthu onse, makomo a maliro ndi a maukwati adzayamba kumufuna. Anthu mazana adzamwa mowa wake osafunsa, chifukwa oweruza anaufunsa kale m'malo mwawo. Amayi ena adzatengera njira yake, ndipo ana awo aakazi adzaphunzira yomweyo. Ngati oweruza anangoona ukali, ndiye kuti afalitsa shuga ndi isiti. Ngati sanafunse za ufa, ndiye kuti avomereza chimanga chowola ndi chidindo chawo.

Inu amayi ofulula, mpikisano ubwere kapena usabwere, gulu la oyendera lija mukhoza kuliyamba nokha pakati panu. Mnzanu akabwera ndi thumba la ufa umene unanyowa, akuti mugule motchipa poti ndi wa mowa basi, muuzeni za Chitima. Ndipo inu abambo olawa, tsiku lina pomwe mukupempha chipanda choyamba, funsaninso kuti, "Mayi, chimanga chake ndi chiti?" Mayi wodziwa ntchito yake sangakwiye. Adzakutengerani kunkhokwe.